ULENDO WA MWANA WOPITA KUSUKULU: KUCHEPETSA UTSI NDI KUTETEZA MOYO

Tsiku lililonse la sukulu, dzuwa lisanakwere, misewu ndi tinjira ta m'Malawi timadzaza ndi ana ovala yunifolomu. Ambiri mwa iwo, makamaka a kumidzi, amayenda pansi. Ena amapalasa njinga, ena amakwera kabaza, ndipo m'mizinda ya Lilongwe, Blantyre, Mzuzu ndi Zomba alipo amene amatengedwa pa minibasi kapena pa galimoto ya makolo awo. Ulendo umenewu umaoneka waung'ono, koma umachitika kawiri pa tsiku, masiku 5 pa sabata, kwa zaka 8 za pulayimale ndi zina 4 za sekondale. Pa chifukwa ichi, mayendedwe a mwana amakhudza thanzi lake, thumba la makolo ake, mpweya umene anthu amapuma, ndiponso nyengo imene mlimi amadalira.

Mpweya wa kaboni ndi chiyani?

Petulo ndi dizilo ndi mafuta ochokera pansi pa nthaka. Mbali yaikulu ya mafutawa ndi chinthu chotchedwa kaboni, chomwenso chimapezeka m'makala. Injini ikamalira, kaboni amapsa nasakanikirana ndi mpweya wabwino wa okosijeni, ndipo chimene chimatuluka ku paipi ya utsi ndi mpweya wa kaboni dayokisaidi. Lita imodzi ya petulo imalemera magalamu pafupifupi 750, koma ikapsa imatulutsa makilogalamu 2.3 a mpweya umenewu. Lita imodzi ya dizilo imatulutsa makilogalamu pafupifupi 2.7. Mpweyawu umalemera kuposa mafuta amene wachokerako chifukwa cha okosijeni uja amene injini yakoka kunja.

Mpweya wa kaboni suoneka ndi maso ndipo ulibe fungo. Ukatuluka umakwera mumlengalenga, ndipo mbali ina imakhala momwemo zaka mazana ambiri. Ntchito yake kumeneko ili ngati ya bulangete. Dzuwa limatenthetsa nthaka, nthaka imabweza kutenthako kumwamba, koma mpweya wa kaboni umatsekereza kutentha kwina kuti kusatuluke. Bulangete limeneli ndi lofunika, pakuti popanda ilo dziko likanazizira koopsa. Vuto limabwera likakhuthala mopitirira muyeso.

Mafakitale ndi magalimoto asanabwere, pa magawo 1,000,000 alionse a mpweya panali magawo pafupifupi 280 a kaboni dayokisaidi. Pofika chaka cha 2024 anali atapitirira 420. Bungwe loona za nyengo pa dziko lonse la World Meteorological Organization linalengeza kuti chaka chimenecho chinatentha kuposa zaka zonse za m'mbuyo mwake chiyambire kulemba kaundula wa nyengo. Mwa mpweya wonse wa kaboni wochokera ku mafuta, malasha ndi gasi, woposa gawo limodzi mwa magawo 5 umachokera ku zamtengatenga, ndipo wambiri mwa umenewu ndi wa magalimoto a pamsewu.

Kodi nkhaniyi ikhudza bwanji Malawi?

Choyamba chiyenera kunenedwa mosabisa. Mwana wa kumudzi amene amayenda pansi popita kusukulu alibe mlandu pa kusintha kwa nyengo. Powerengera mafuta ndi malasha, Mmalawi mmodzi amatulutsa makilogalamu pafupifupi 100 a mpweya wa kaboni pa chaka, pamene munthu mmodzi wa ku United States amatulutsa makilogalamu oposa 13,000. M'dziko muno mpweya wambiri wotenthetsa dziko umachokera ku kutha kwa nkhalango, kuotcha makala ndi ulimi, osati ku magalimoto.

Ngakhale zili choncho, mavuto a nyengo sasankha amene anawayambitsa. Mpweya wotentha umanyamula chinyontho chambiri, motero namondwe akabwera amagwetsa mvula yochuluka pa nthawi yochepa. Mu Malichi 2019 mvula ya namondwe wa Idai inasefukitsa mitsinje ya m'chigawo cha kummwera. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anaononga malo opangira magetsi a Kapichira pa mtsinje wa Shire, ndipo akatswiri amene anafufuza za namondwe wa chaka chimenecho anapeza kuti kutentha kwa dziko kunaonjezera mphamvu ya mvula yake. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anagumula mapiri ndi midzi ku Blantyre, Mulanje, Phalombe ndi Chiradzulu, nasefukitsa madzi ku Chikwawa ndi Nsanje. Anthu oposa 600 anamwalira, ena mazanamazana sanapezeke, ndipo oposa 500,000 anasowa pokhala. Masukulu anatsekedwa, makalasi ambiri anasanduka misasa, ndipo milatho imene ana amaolokera inakokoloka.

Pali zifukwa zitatu zimene nkhani ya mayendedwe a ana iyenera kuganiziridwa tsopano. Choyamba, magalimoto ogwiritsidwa kale ntchito ochokera kunja ndi njinga zamoto za kabaza zikuchuluka, osati m'mizinda mokha komanso m'maboma ndi m'misika ya kumidzi. Chachiwiri, paipi imene imatulutsa mpweya wa kaboni imatulutsanso ziphe zimene zimalowa m'mapapo mwa ana. Chachitatu, dziko la Malawi silikumba mafuta. Petulo ndi dizilo amabwera kudzera m'madoko a Beira, Nacala ndi Dar es Salaam, ndipo amagulidwa ndi ndalama zakunja zomwezo zimene zimafunika pogula mankhwala a m'zipatala ndi feteleza. Kuyambira 1982 dziko lino lakhala likusakaniza petulo ndi mafuta a ethanol opangidwa kuchokera ku nzimbe ku Dwangwa, koma mbali yaikulu ya mafuta imagulidwabe kunja.

Kuwerengera utsi wa ulendo wa kusukulu

Chitsanzo ichi chingathandize kuona kukula kwa nkhaniyi. Sukulu ili pa mtunda wa makilomita 5 kuchokera kunyumba, ndipo mwana amapitako masiku 190 pa chaka. Kholo likamamuperekeza pa galimoto m'mawa ndi kubwerera, kenaka n'kukamutenganso masana, limayenda makilomita 20 pa tsiku, amene pa chaka amakwana 3,800.

Galimoto yaing'ono imene imamwa malita 8 pa makilomita 100 idzatha malita 304 a petulo, ndipo idzatulutsa makilogalamu pafupifupi 700 a mpweya wa kaboni chifukwa cha mwana mmodzi. Umenewu ndi mpweya wofanana ndi umene Amalawi 7 amatulutsa pa chaka chathunthu.

Njinga yamoto imene imamwa malita 3 pa makilomita 100 idzatha malita 114 pa mtunda womwewo, ndi kutulutsa makilogalamu pafupifupi 260.

Minibasi imene imamwa malita 12 pa makilomita 100 idzatha malita 456 ndi kutulutsa makilogalamu pafupifupi 1,050. Koma ngati yanyamula ana 14, gawo la mwana aliyense ndi makilogalamu 75 okha.

Mwana woyenda pansi kapena wopalasa njinga saotcha mafuta ngakhale dontho limodzi.

Manambala amenewa amasintha malinga ndi mtundu wa galimoto, ukalamba wake ndi msewu, koma phunziro lake silisintha. Galimoto yonyamula mwana mmodzi ndiyo yoononga koposa, galimoto yonyamula ana ambiri ili bwinoko, ndipo miyendo ndi njinga yakapalasa zimaposa zonse. Dziwaninso kuti injini yozizira imamwa mafuta ambiri ndi kutulutsa utsi woipa kwambiri pa makilomita oyambirira. Motero maulendo afupiafupi, onga a kusukulu, ndiwo amaononga mafuta koposa pa kilomita iliyonse.

Utsi ndi mapapo a mwana

Mpweya wa kaboni dayokisaidi umavulaza nyengo, koma suli wokha m'paipi ya galimoto. Muli mwaye wosalala kwambiri umene umadutsa mphuno ndi kukafika mkati mwa mapapo, ngakhale kulowa m'magazi. Muli mpweya wina wotchedwa nayitirojeni dayokisaidi umene umatupitsa njira za mpweya, ndi wina wa kaboni monokisaidi umene umalepheretsa magazi kunyamula okosijeni. Mu 2012 nthambi yofufuza za khansa ya bungwe la World Health Organization inaika utsi wa dizilo m'gulu la zinthu zoyambitsa khansa ya m'mapapo. Bungwe lomweli linawerengera kuti mu 2019 mpweya woipa wa panja unafupikitsa miyoyo ya anthu 4.2 miliyoni pa dziko lonse.

Mwana ali pa ngozi yaikulu kuposa munthu wamkulu pa zifukwa zitatu. Mapapo ake akukulabe. Amapuma mofulumira, kotero kuti poyerekeza ndi kukula kwa thupi lake amakoka mpweya wambiri. Ndiponso ndi wamfupi, motero mphuno yake ili pafupi ndi paipi ya utsi. Mwana amene amapuma utsi tsiku ndi tsiku amadwala chifuwa kawirikawiri, chibayo chimamugwira mosavuta, ndipo ngati ali ndi mphumu imamuvutitsa pafupipafupi. Kukhala mkati mwa galimoto sikumuteteza, pakuti pa mndandanda wa magalimoto utsi wa galimoto ya kutsogolo umalowa m'galimoto ya pambuyo.

Ku London, mtsikana wa zaka 9 amene ankakhala pafupi ndi msewu waukulu wa South Circular anamwalira ndi mphumu mu 2013. Mu Disembala 2020 bwalo lofufuza za imfa linagamula kuti mpweya woipa unali chimodzi mwa zimene zinamupha. Kanali koyamba m'dziko la Britain kuti mpweya woipa ulembedwe pa chikalata cha imfa.

Makolo ayenera kupita ndi mwana kuchipatala msanga ngati akutsokomola usiku kwa masiku ambiri, ngati m'chifuwa mwake mukulira popuma, ngati akubanika akathamanga pang'ono, kapena ngati akupuma mofulumira ndipo thupi latentha. Akumbukirenso kuti kwa mwana wa kumudzi utsi woopsa koposa ndi wa nkhuni za m'khitchini yopanda mazenera. Kuotcha zinyalala ndi mapulasitiki pafupi ndi makalasi nakonso n'koipa.

Phunziro lochokera ku maiko ena

Maiko olemera anayamba kale kunyamula ana pa magalimoto, ndipo tsopano akuvutika kuti abwerere. Ku United States, mu 1969 ana 48 mwa ana 100 alionse ankayenda pansi kapena kupalasa njinga popita kusukulu. Pofika 2009 anatsala 13 okha. Zimene zinachitika n'zosavuta kumvetsa. Magalimoto atachuluka pa chipata cha sukulu, makolo anaopa kuti ana awo agundidwa, choncho nawonso anayamba kuwanyamula pa galimoto, ndipo magalimoto anachulukirachulukira. Ana anasiya kuyenda, ndipo ichi chinathandizira kunenepa koipa kumene kumabala matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi munthu akakula.

Pofuna kukonza zimenezi, anthu ayesa njira zingapo. Mu 1992 David Engwicht wa ku Australia anafotokoza maganizo a basi ya miyendo. Limeneli ndi gulu la ana loyenda pansi pamodzi, munthu wamkulu mmodzi kutsogolo wina pambuyo, ndipo limaima pa malo odziwika ndi pa nthawi yodziwika kutenga ana ena monga imachitira basi. Njirayi inayamba ku St Albans m'dziko la England mu 1998, ndi ku Lecco m'dziko la Italy mu 2003. Ku Barcelona, m'dziko la Spain, makolo anayamba mu 2021 kuperekeza ana awo pa gulu lalikulu la njinga Lachisanu lililonse. Ku London ndi ku Paris misewu yambiri yodutsa pa zipata za masukulu imatsekedwa kuti magalimoto asadutse. Ku Japan ana ambiri a pulayimale amayenda pansi m'magulu, okulirapo akutsogolera ang'onoang'ono, ndipo akuluakulu a m'deralo amaima pa malo oolokera atanyamula mbendera zachikasu.

Chodabwitsa n'chakuti zimene maiko amenewa akuyesetsa kuphunzitsa ana awo, ana a ku Ntchisi, Chitipa ndi Machinga amazichita kale. Kuyenda pansi si chizindikiro cha kutsalira. Ntchito imene ilipo ndiyo kuonetsetsa kuti ulendowo ndi waufupi, wopanda ngozi, ndipo sukumutopetsa mwana mpaka kulephera kuphunzira.

Kuyenda pansi

Bungwe la World Health Organization limalangiza kuti mwana wa zaka 5 mpaka 17 azichita zolimbitsa thupi kwa mphindi 60 tsiku lililonse. Mwana amene amayenda mwachangu makilomita 2 popita ndi 2 pobwera amakhala atakwaniritsa pafupifupi zonsezi. Kuyenda kumalimbitsa mtima, mafupa ndi minofu, ndipo kumathandiza mwana kugona bwino.

Koma kuyenda kuli ndi zoopsa zake. Pa dziko lonse ngozi za pamsewu zimapha anthu pafupifupi 1.19 miliyoni pa chaka, ndipo ndizo zimapha koposa ana ndi achinyamata a zaka 5 mpaka 29. Pa chifukwa ichi ana ayenera kuphunzitsidwa malamulo awa:

1. M'Malawi magalimoto amayenda kumanzere, choncho woyenda pansi ayende kumanja kwa msewu, moyang'anizana ndi magalimoto amene akubwera.

2. Asanaoloke aime, ayang'ane kumanja, kumanzere ndi kumanjanso, ndipo amvetsere. Asaoloke pokhota msewu kapena kumbuyo kwa minibasi yoima.

3. M'mbali mwa msewu waukulu ayende mmodzimmodzi pa mzere, osasewera mpira kapena kuthamangitsana.

4. Ana a sitandade 1 ndi 2 asaoloke msewu waukulu okha, pakuti sanafike potha kuyeza liwiro la galimoto.

5. Mtsinje ukadzaza asayese kuoloka. Kujomba tsiku limodzi si kanthu poyerekeza ndi moyo.

Mwana asachoke pakhomo ndi njala. Phala, mbatata, chinangwa kapena nthochi zimamupatsa mphamvu za ulendo ndi za m'kalasi. M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, makamaka m'chigwa cha Shire kumene kutentha kumapitirira madigiri 40, atenge botolo la madzi abwino akumwa. Atsikana aziyenda pa gulu, chifukwa mtsikana woyenda yekha m'njira ya patchire amakumana ndi amuna omunyengerera kapena kumuchita chipongwe. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, motero munthu wamkulu aliyense wa m'mudzi ali ndi udindo woyang'anira ana odutsa.

Njinga yakapalasa

Mtunda ukapitirira makilomita 4 kapena 5, kuyenda pansi kumayamba kuononga maphunziro. Mwana amanyamuka kusanache, amafika mochedwa ndi wotopa, ndipo ambiri, makamaka atsikana, amangosiya sukulu. Apa ndi pamene njinga imathandiza. Wopalasa amayenda mofulumira katatu kuposa woyenda pansi, kotero kuti ulendo wa ola limodzi ndi theka umatheka pa mphindi 30, popanda utsi uliwonse.

Ubwino wa njinga unayesedwa. M'chigawo cha Bihar ku India, boma linayamba mu 2006 kupereka ndalama zogulira njinga kwa atsikana olowa sekondale. Akatswiri a zachuma Karthik Muralidharan ndi Nishith Prakash anapeza kuti chiwerengero cha atsikana olowa sekondale pa msinkhu woyenera chinakwera ndi 32 pa 100 alionse. M'chigawo cha kummwera kwa Zambia, kafukufuku wa atsikana amene analandira njinga kuchokera ku bungwe la World Bicycle Relief anaonetsa kuti nthawi ya ulendo inachepa, ndipo kuchedwa ndi kujomba kunachepanso. Bungwe limeneli, lomwe linakhazikitsidwa mu 2005, limapanga njinga zolimba zotchedwa Buffalo, zimene zimapezekanso m'Malawi.

Njinga ya mwana wa sukulu iyenera kukhala ndi mabuleki ogwira kutsogolo ndi kumbuyo, belu, ndi zonyezimira kuti aoneke kukachita chisisira. Matayala azipopedwa mokwanira, tcheni chizithiridwa mafuta, ndipo chishalo chitsitsidwe molingana ndi msinkhu wa mwana. Wopalasa ayende kumanzere, aonetse ndi mkono asanakhote, ndipo asanyamule anzake awiri kapena atatu pa kaliyala. Pakhomo pakhale mgwirizano wakuti pa masiku a sukulu njingayo ndi ya mwana, osati yopitira kumsika kapena kuchigayo. Sukulu ikonze malo a mthunzi osungirako njinga.

Pamene injini ili yofunika

Alipo ana amene sangathe kuyenda kapena kupalasa: olumala, odwala, aang'ono kwambiri, ndi amene sukulu yawo ili kutsidya la mzinda. Kwa iwo galimoto ndi yofunika, ndipo palibe chifukwa chowachititsa manyazi. Chofunika ndi kugwiritsa ntchito mafuta mwanzeru.

Mabanja oyandikana angagwirizane kuti galimoto imodzi izinyamula ana a nyumba zitatu kapena zinayi mosinthana. Pamenepo mafuta ndi utsi wa mwana aliyense zimachepa katatu kapena kanayi. Koma kugawana galimoto sikutanthauza kupakira ana ngati matumba a chimanga. Mwana aliyense akhale ndi mpando wake, ndipo ana asanyamulidwe ataimirira kumbuyo kwa lole kapena matola.

Dalaivala akafika pa chipata cha sukulu azimitse injini ngati adikira kopitirira mphindi imodzi. Injini yolira galimoto itaima imaotcha mafuta pachabe ndi kupemerera utsi pa nkhope za ana. Ndi bwinonso kuimika galimoto chapatali ndi chipata kuti mwana ayende pansi gawo lotsala.

Galimoto yosamalidwa imamwa mafuta ochepa. Sefa ya mpweya isinthidwe ikatsekeka ndi fumbi, oilo asinthidwe pa nthawi yake, ndipo matayala akhale ndi mpweya wokwanira. Utsi wakuda umasonyeza kuti mafuta sakupsa bwino, ndipo utsi wobiriwira motuwa umasonyeza kuti injini ikuotcha oilo. Mafuta ogulitsidwa m'zigubu m'mbali mwa msewu nthawi zina amakhala osakanizidwa ndi palafini, ndipo amaononga injini ndi kuchulukitsa utsi.

Kabaza wa njinga yamoto ndi wachangu, koma ngozi zake ndi zoopsa. Mwana akakwera avale chipewa choteteza mutu chomukwana bwino ndi chomanga pachibwano, ndipo pa njinga pasakwere ana awiri kapena atatu. Mwana amene miyendo yake sifika popondera asakwezedwe. Pamene kabaza wa njinga yakapalasa alipo, ameneyo ndiye wabwino pa ulendo waufupi, pakuti satulutsa utsi ndipo liwiro lake ndi lochepa.

M'mizinda ya Kigali ndi Nairobi mukuyenda njinga zamoto ndi mabasi oyendera magetsi, amene alibe paipi ya utsi. Popeza magetsi ambiri a m'Malawi amachokera ku madzi a mtsinje wa Shire, pa Nkula, Tedzani ndi Kapichira, komanso ku dzuwa, zoyendera za mtundu umenewu zingachepetse kwambiri mpweya wa kaboni m'dziko muno zitafala. Kusintha kotere n'kotheka. Kale petulo ankathiridwa mtovu, umene umaononga ubongo wa ana. Maiko a kummwera kwa chipululu cha Sahara anasiya petulo wotere pofika 2006, ndipo dziko la Algeria, lomwe linali lomaliza, linasiya mu 2021.

Sukulu ikhale pafupi, njira ikhale yabwino

Njira yoposa zonse yochepetsera utsi ndi kutopa ndiyo kufupikitsa mtunda. Maphunziro a pulayimale aulere atayamba mu 1994, ana oposa 1 miliyoni analowa sukulu pa chaka chimodzi, ndipo kufunika kwa makalasi apafupi kunakula. Mudzi ukaumba njerwa ndi kumanga makalasi a ana aang'ono pafupi, kapena ukathandiza kukulitsa sekondale yoyendera ya m'dera lawo, umachotsa makilomita zikwizikwi pa miyendo ya ana ake. Makolo a m'tauni nawonso aganizire sukulu yabwino imene ili pafupi asanasankhe ya kutali.

Njira ya kusukulu ndi chuma cha mudzi wonse. Mafumu ndi komiti ya sukulu angaitanitse ntchito ya chitukuko yolambula tinjira, kukwirira zigwembe ndi kukonza timilatho mvula isanayambe. Nyengo yodzala mitengo, imene imayamba mu Disembala ndi kutha mu Epulo, ndi mpata wodzala mitengo m'mbali mwa njira. Mtengo umapereka mthunzi, umagwira nthaka kuti isakokoloke, umatchinga fumbi, ndipo pokula umayamwa mpweya wa kaboni n'kuusunga m'thunthu ndi m'mizu yake. Mitengo ya mango, mbawa ndi msangu ndi yodziwika bwino, ndipo alangizi a za nkhalango angathandize kusankha yoyenera dera lililonse.

Pamene sukulu ili m'mbali mwa msewu waukulu, monga wa M1, makolo ndi aphunzitsi ali ndi ufulu wopempha khonsolo ndi apolisi a pamsewu kuti paikidwe zikwangwani, mizere yoolokera ndi zitunda zochepetsa liwiro. Msonkhano wa maiko wa za chitetezo cha pamsewu umene unachitika ku Stockholm mu 2020 unalimbikitsa liwiro losapitirira makilomita 30 pa ola pa malo amene magalimoto amasakanikirana ndi anthu oyenda pansi. Pa liwiro limeneli dalaivala amatha kuima msanga, ndipo munthu wogundidwa kawirikawiri amapulumuka, pamene pa makilomita 50 kapena 60 ngozi ya imfa imakula kwambiri.

Udindo wa aliyense

1. Makolo adyetse mwana asananyamuke, amuphunzitse malamulo a pamsewu, ndipo amulole kuyenda pansi kapena kupalasa ngati mtunda ndi waufupi ndipo njira ndi yabwino.

2. Aphunzitsi adziwe mtunda umene ophunzira awo amayenda, akonze magulu oyendera pamodzi, ndipo asankhe ana okulirapo oolotsa anzawo moyang'aniridwa ndi munthu wamkulu.

3. Mafumu ndi makomiti a sukulu asamale tinjira, timilatho ndi mitengo, ndipo alange aliyense wovutitsa atsikana pa njira.

4. Madalaivala ndi a kabaza achepetse liwiro pafupi ndi sukulu, azimitse injini podikira, ndipo akonze galimoto yotulutsa utsi wakuda.

5. Alangizi a za umoyo aphunzitse za utsi ndi matenda a m'chifuwa pa sikelo ya ana ndi pa misonkhano ya m'midzi.

Mutu umodzi susenza denga. Dziko la Malawi lili m'gulu la maiko amene anavomereza pangano la za nyengo la ku Paris la 2015, ndipo udindo waukulu wochepetsa mpweya wa kaboni uli pa maiko amene amautulutsa wambiri. Koma utsi wa pa chipata cha sukulu, liwiro la pamsewu ndi kutalika kwa ulendo wa mwana ndi zinthu zimene mudzi ndi banja zingakonze popanda kudikira wina. Mwana amene wafika kusukulu atadya, osatopa, osavulala, ndiponso atapuma mpweya wabwino, ndiye amamva zimene mphunzitsi akunena. Kupewa kumaposa kuchiza.